Mazira M'filiji ya ku Joni

"Makoko awa ndi a chiyani, mpongozi?"

A Magadalena anali ataima pakati pa bwalo, atatambasula dzanja. M'chikhatho mwawo munali makoko a dzira, otuwa ndi phulusa la kudzala. Tikondwe, mkazi wa mwana wawo Levison, anatula ndowa ya madzi n'kugwada pang'onopang'ono, poti mimba inali italowa mwezi wachisanu ndi chitatu.

"Ndi a dzira, amayi."

"Zoti ndi a dzira ndikuziona, maso ndili nawo. Ndikufunsa kuti dziralo lili m'mimba mwa ndani."

"Mwa ine, amayi. Nkhuku yamawanga ija inaikira kuseri kwa nkhokwe, ndiye ndinatola n'kuwiritsa. Kusikelo anesi anati magazi anga ndi ochepa kwambiri. Anati ndizidya mazira, chiwindi, nyemba..."

"Anesi! Anesiwo adzakhala pano tsiku limene mwana adzabadwe mutu uli see ngati chipanda, anthu n'kumatiseka? Ndipo dazi n'laling'ono, mwananga. Tayang'ana dzira. Lili ndi khomo? Lilibe. Mkazi wapakati akalidya, mwana naye amasowa khomo tsiku lake likafika. Ine ndabereka, ndakalamba, dzira sindidziwa kukoma kwake. Iwe wabwera dzulodzuloli, ukufuna kutiphera mdzukulu?"

"Mapiritsi amene anandipatsa ndikangomwa ndikusanza, amayi. Ndikaweramuka ndikumaona mdima."

"Mimba ndi choncho. Tonse tinauona mdimawo. Levison! Wamva zimene wachita mkazi wako?"

Levison anali pakhonde akupukuta nsapato zake zosongoka, zimene anabwera nazo kuchokera ku Joni ndipo sizinkagwirizana ngakhale pang'ono ndi matope a kwathu kuno. Sanadzutse mutu.

"Ndamva, amayi. Nawenso Tikondwe, bwanji osangomvera? Mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Komanso ukudziwa kuti mazirawo ali ndi ntchito yake."

Ntchito ya mazirawo tonse m'mudzi tinkaidziwa. Levison atabwerako ku Joni chaka chathachi, asanakwatire n'komwe, anatsitsa katundu amene anaimitsa anthu pamsewu: masofa okutidwa ndi pulasitiki, kanema wamkulu ngati chitseko, ndi filiji ya zitseko ziwiri, yaitali kuposa bambo ake, a Gerevazio. Chimene anaiwala kugula ndi magetsi. Kwathu kuno, kuseri kwa mapiri a ku Kasina, waya sanafike. Choncho kanema anangokhala pakhoma ali bii, ndipo filiji anaikhomera loko n'kuisandutsa nkhokwe ya mazira. Dzira lililonse la nkhuku za pakhomopo linkalowa m'menemo, kiyi n'kumangidwa pansonga ya chitenje cha a Magadalena. Lachisanu lililonse Levison ankapita nawo mazirawo kukagulitsa kumsika wa ku Chimbiya, kuti tsiku lina adzagule sola yaikulu, kanema ayake, anthu aone kuti ku Joni sanapite kukasewera.

A Gerevazio ankaothera dzuwa pafupi ndi khola. Mwa mwambo sankalankhula maso ndi maso ndi mpongozi wawo, choncho mawu anawaponya kwa akazi awo.

"Amake Levison, muuzeni mpongozi kuti pano tinamutenga mwaulemu ndipo sitimufunira zoipa. Zimene munadya inu n'zimene adye iye. Zatha."

"Pepani, amayi, sindidzachitanso," anatero Tikondwe.

Akanatani? Kwawo kunali kutali, kupitirira Chimbiya, ndipo kwa eni kulibe mkuwe. Podzuka anadzandira, n'kugwira mzati wa khonde kufikira mdima uja utachoka m'maso. Levison anaona. Ndikunenetsa kuti anaona, chifukwa nsanza ija inaima kaye pansapato. Kenaka inayambanso kupukuta.

Lamulungu lotsatira, potuluka m'tchalitchi, Levison anaitana alendo monga mwa chizolowezi chake: akuluakulu awiri a mpingo ndi mnzake Ackim, amene anali naye limodzi ku Joni. Anawakhazika pamasofa aja, omwe pulasitiki wake ankalira munthu akangosuntha. Tambala anaphedwa.

Kagawidwe ka nkhuku pakhomo pa a Gerevazio sikankasintha. Chiwindi ndi nthutumba zinkapita m'mbale ya mwini khomo, ndipo zikasowa, mlandu wake unkatha kufika kwa ankhoswe. Ntchafu ndi chifuwa zinali za alendo ndi Levison. Kukhitchini kunkatsala mutu, khosi, zipalapasiro ndi msuzi wa pansi pa poto. Koma musafulumire kuwaweruza a Magadalena, chifukwa nawonso ankadyera kukhitchini komweko. Tsikulo iwo anatenga mutu, khosi n'kumukankhira mpongozi.

"Idya khosili, lili ndi kamnofu. Thiranso msuzi pampirupo. Ukundikwiyirabe za dzira lija?"

"Ayi, amayi."

"Sindikukuda, mwananga. Ndikanakhala kuti ndikukuda, bwenzi ndikungokuyang'ana uzidya. Galu wamkota sakandira pachabe."

Tikondwe atalowa m'nyumba kukatenga mbale, anapeza Levison ali pakati pa nkhani zake za masiku onse, za udalaivala wake wa ku Joni.

"Lole yake, akuluakulu, matayala simungawawerenge. Kuchoka ku Joni mpaka kunyanja yamchere, osagona. Chiwongolero chake chotere!"

"Mwana wanga ameneyo," anatero a Gerevazio akutafuna nthutumba. "Ena amapita kukatsuka mbale za eni, iye anakagwira ntchito yachimuna."

Ackim anatsamwa ndi msuzi. Atatsokomola mokwanira anapukuta misozi n'kucheukira kwa Tikondwe.

"Nkhukuyi yakoma, alamu. Koma ndikudziwa munthu wina ku Joni amene akanaiphika iyeyo, tonse pano tikanatafuna ndi mbale zomwe. Si choncho, a dalaivala?"

"Idya, Ackim. Pakamwa pamodzi sipagwira ntchito ziwiri," anayankha Levison maso ali pansi.

Mmodzi wa akuluakulu aja anafunsa ngati n'zoona kuti kumeneko amuna amaphika.

"N'zoona," anatero Ackim. "Bwana weniweni, wa galimoto zitatu, amavala epuloni n'kumaotcha nyama, akazi ake atakhala pampando akucheza ndi alendo. Patebulo amayamba kugawira ana ndi mayi, iye n'kumaliza."

"Dziko latha kumeneko," a Gerevazio anapukusa mutu. "Katundu wawo ndi wabwino, ameneyo muzibwera naye. Koma makhalidwe awo azitsala pa boda."

Onse anaseka, kupatula Levison ndi Tikondwe.

Lachiwiri m'mawa, nkhungu isanachoke m'dambo, awiriwo anali kudimba akuthirira mbatatesi. Kunali chisanu cholasa m'mafupa, koma Tikondwe anali thukuta kamukamu. Atanyamula kheni kachitatu anaitula n'kukhala pamzere, akupuma ngati wakwera phiri.

"A Levison, ndikufunseni kanthu. Kodi chiwongolero chimaotcha?"

"Ukutanthauza chiyani?"

"Timabala ta m'mikono mwanuto. Ine ndakulira pamoto, chipsera cha mafuta otentha ndimachidziwa. Komanso pansi pa sutikesi yanu pali epuloni yoyera ndi chipewa chachitali. Ndinaziona kalekale ndikufuna zochapa, ndinangokhala chete."

Levison anamwaza maso m'madimba oyandikana nawo kuti aone ngati munali anthu. Munalibe. Anakhala pansi pafupi ndi mkazi wake.

"Ndinali khukhi," anatero motsitsa mawu. "Zaka zonse zisanu ndi chimodzi. Lole sindinaigwirepo, ngakhale njinga yamoto sinditha kuyendetsa. Ndinayamba n'kutsuka mbale panyumba ina, kenaka adona ake anandiphunzitsa kuphika. Katundu yense uja anatuluka m'chiwaya."

"Ndiye cholakwika n'chiyani?"

"Sunawamve abambo Lamulungu? Mwana wa Mngoni kukagwira mthiko kwa eni! Ndikananena, ndani akanandiona ngati munthu? Iweyo ukanandilola?"

"Ndikanakulolani tsiku lomwelo, osadikira n'komwe kuti mubwerenso."

Levison anaseka pang'ono, koma Tikondwe sanaseke.

"Adona anuwo anali ndi ana?"

"Awiri. Wachiwiri anabadwa ine ndili pomwepo."

"Ali ndi pakati ankadya chiyani?"

Levison anathyola kaudzu n'kuyamba kukatafuna.

"Dokotala wawo anachita kuwalembera papepala. Mazira awiri m'mawa uliwonse. Nyama, masamba, nsomba. Ndinkaphika ndine, amuna awo n'kunyamula okha kukawapatsira kuchipinda."

"Mwanayo anabadwa wadazi?"

"Tsitsi linkafika m'makutu."

"Anasowa khomo?"

"Ayi."

"Ndiye mwana wa eni munamudyetsa asanabadwe, wanu mukumutsekera ndi loko." Misozi inalengeza m'maso mwake. "A Levison, ine ndikuopa. Mtima umandigunda ngati ndathamanga pomwe ndangokhala. Taonani mapazi angawa mmene atupira. Sindikupempha ng'ombe. Dzira limodzi patsiku, la nkhuku zimene ndimazipatsa madeya ndine."

"Kumeneko n'kwina, kuno n'kwina, Tikondwe. Ndikatsutsana ndi amayi adzati wandidyetsa mankhwala, ndipo amene adzavutike pakhomo pano ndiwe. Pirira pang'ono. Sola yatsala pang'ono kutheka. Ikangobwera ndidzapeza njira, ngakhale kupita nawe ku Chimbiya uzikadyera komweko."

"Mwanayu akudziwa zoti adikire sola?"

Levison analavula kaudzu kaja.

"Anthu akamadutsa pakhomo pathu amati ndinakwatiwa pabwino," anatero Tikondwe akudzuka movutikira. "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Mawuwo anamubaya Levison, sindikana. Koma manyazi anamugwira kwambiri kuposa chisoni, ndipo Lachisanu lake ananyamulanso mazira onse kupita nawo kumsika.

Patapita milungu iwiri sola inabwera. Levison ndi Ackim anakwera padenga, mawaya ali lendelende, anthu atadzaza bwalo mpaka kukhola. Kanema atangoyaka panabuka mfuu ngati chigoli chalowa, ndipo nthungululu za a Magadalena zinamveka kutsidya kwa mtsinje. Filiji yokha inakana. Inangong'ung'udza kamodzi n'kukhala chete, akuti mphamvu inaichepera. Palibe anadandaula, poti mazira sanadandaulepo chiyambire.

Tikondwe sanaone nawo zonsezi. Anali atatumidwa kudimba kukakumba mbatatesi zoti akazingire alendo. Amayi awiri ochokera kotunga madzi ndi amene anamupeza atagwa chammbali m'njira, dengu lili uko, mbatatesi zitamwazika, milomo itayera ngati wabwira ufa. Anakuwa kangapo anthu osamva, chifukwa cha phokoso la kanema.

Anamunyamula pangolo mpaka kumsewu waukulu, kenaka pa minibasi mpaka kuchipatala cha pa Boma. Kumeneko namwino wina wachikulire anamutsitsa chikope cha m'munsi n'kuitana Levison.

"Bambo, bwerani muone. Muno muyenera kukhala mofiira. Mukuonamo chiyani?"

"Moyera."

"Nthawi yobereka ikanamupeza ali chonchi, mukanaika maliro awiri. Kunyumba kuli njala?"

"Ayi, chakudya chilipo."

"Ziweto muli nazo?"

"Nkhuku zilipo zambiri."

"Nanga mazira amadya ndani?"

Levison anayang'ana nsapato zake zosongoka. A Magadalena, amene anaima kumbuyo kwake, anafumbata nsonga ya chitenje pomwe panali kiyi. Namwinoyo sanafunsenso kachiwiri.

"Timuika magazi lero lomwe," anatero. "Koma magazi a m'botolo ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Enieni achokera m'mbale. Kumudzi sabwereranso mpaka atachira. Muzimuphikira konkuno."

Kuseri kwa chipatala kuli chisakasa cha malata momwe odikirira odwala amaphikiramo: mafuwa m'mizere, utsi wosatha, ndi amayi okhaokha. M'mawa mwake Levison, amene anali atathamangira kumudzi kukatenga zofunda, anafika m'chisakasamo ndi chikwama kumsana ndi jumbo m'manja. M'jumbomo munali mazira, anyezi, tomato ndi chiwindi cha mbuzi cha kumsika. Anaziika pafupi ndi amayi ake.

A Magadalena anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Mwananga, sindingathe. Usandione ngati wouma mtima. Iwe usanabadwe ndinataya ana awiri, onse osawamva kulira. Apongozi anga anandiuza kuti penapake ndinalakwitsa mwambo. Kuyambira pamenepo sindinaphonye lamulo ngakhale limodzi, ndipo iwe unakhala moyo. Lero ndiphike ndi manja angawa chinthu chimene ndachiopa moyo wanga wonse? Chikachitika choipa, ndidzaulowetsa kuti mtima wanga?"

"Pa mimba ziwirizo munkaona mdima, amayi?"

"Ndinkauona."

"Mapazi ankatupa?"

"Ankatupa."

"Munkadya chiyani?"

"Zomwe wakhala akudya mkazi wakozi."

Levison anatula chikwama chija. Anavula jekete, n'kutulutsa m'chikwama epuloni yoyera ija, n'kuimanga m'chiuno.

Amayi a m'chisakasamo anayamba n'kuseka.

"Taonani bambo awa! Kwawo akazi anatha?"

"Asiyeni, apsereze aone."

Koma mpeni utayamba kuyenda, kuseka kunachepa. Anyezi anasanduka timizere tofanana munthu asanaphethire kawiri. Dzira ankaliswa ndi dzanja limodzi, khoko osagweramo. Chiwaya ankachigwedeza kamodzi, chiwindi n'kudumpha m'mwamba, n'kugweranso momwemo chitatembenuka. Fungo lake linagonjetsa utsi, moti mayi wina anaiwala phala lake pamoto mpaka linapserera.

"Levison," a Magadalena ananong'ona, "zimenezi unaziphunzira mu lole?"

"Lole kunalibe, amayi."

Nthawi yomweyo a Gerevazio anatulukira pakhomo pa chisakasacho, atavala zovala za kutchalitchi, nkhuku yomangidwa miyendo ili m'khwapa. Anali atabwera kudzazonda mpongozi. Anaima chilili, kukamwa kuli yasa.

"N'chiyani ichi? Amake Levison, inu mwakhala pansi, mwana wamwamuna ali pamafuwa, pamaso pa anthu onsewa?"

"Abambo, ntchito yanga ndi imeneyi," anatero Levison osatula chiwaya. "Ku Joni ndinali wophika. Masofa mumakhalira aja, kanema munaonera dzulo uja, zonse zinatuluka m'chiwaya ngati ichi. Ndinakunamizani chifukwa cha manyazi, ndipo manyazi omwewo atsala pang'ono kundiphera mkazi. Filiji yawo ndinabwera nayo. Chimene ndinaphunzira chenicheni ndi chimene ndinachisiya pa boda."

"Ndauza dziko lonse kuti mwana wanga ndi dalaivala. Ndikaibisa kuti nkhope yangayi?"

"Kuli bwino atiseke, abambo, kusiyana n'kuti abwere kudzatipepesa maliro."

A Gerevazio anatembenuka n'kumapita, ndipo kuchipatalako sanapondekonso. Koma nkhuku ija anaisiya pansi, pafupi ndi phazi la mwana wawo. Kaya anachita kuiwala, kaya anachitira dala, mpaka lero sanenapo. Madzulo a tsikulo, kwa nthawi yoyamba chiyambire banja limenelo, chiwindi ndi nthutumba zinalowa m'mbale ya mkazi.

Kwa milungu itatu Levison sanachoke pamafuwa. Nkhani inafika kumudzi iye asanafike, ndipo anyamata a pagolosale anamupatsa dzina loti a Chiwaya. Ackim ndi amene anabwera kudzamuuza, akuseka, atanyamula mazira onse a m'filiji muja, atatsegula ndi kiyi amene a Magadalena anamubwereka tsiku limodzi n'kumulandanso. Amayi a m'chisakasa anasiya zoseka, anayamba kumufunsa kuti nyemba amazitani kuti zikome chotero. A Magadalena ankasonkha moto, kutunga madzi ndi kutsuka mbale, koma dzira sankalikhudza. Mpongozi akayamba kudya, iwo ankatuluka panja n'kugwira kolona. Ankamupempherera mpongoziyo, mwana wa eni, ngati wawo, uku akudikira tsoka. Tikondwe yekha ndi amene ankaoneka kuti sakuopanso. M'mawa uliwonse ankamutambasulira mwamuna wake zikhatho kuti aone mmene zikufiirira.

Loweruka lina, dzuwa litakwera, namwino wachikulire uja anatuluka m'chipinda choberekera akupukuta manja.

"Achira. Mwana wamkazi. Magazi anataya ndithu, koma ulendo uno anali nawo otaya."

Levison anangokhala pansi pomwepo n'kubisa nkhope mu epuloni. Atawalola kulowa, anapeza Tikondwe atagona, wotopa koma akumwetulira. A Magadalena anapukuta manja m'chitenje, n'kulandira khandalo, n'kusuntha kansalu kamene kanali kumutu.

Mutu unali see. Panalibe ngakhale katsitsi kamodzi.

Levison anayang'ana Tikondwe. Tikondwe anayang'ana kukhoma. Onse awiri ankadikira mawu aja akuti "ndinkanena ine," ndipo ankadziwa kuti akangotuluka, kumudzi sikudzapezekanso mkazi wolawa dzira mpaka mibadwo iwiri. A Magadalena anasisita kamutuko ndi chala, kamodzi, kawiri. Kenaka anakhala pamphepete pa bedi.

"Levison, iwe unabadwa chonchi. Mutu ngati bondo. Tsitsi linadzamera utayamba kukwawa." Anayang'ananso kamutuko. "Ndipo ine dzira sindinalilawe. Apongozi anga ananditukwana kuti ndinaba, ndinalumbira mpaka kulira, sanandikhulupirire. Zaka zonsezi ndakhala ndikudziuza kuti mwina ndinadya mosadziwa, m'chakudya cha eni. Koma ayi. Sindinadye. Ndikudziwa kuti sindinadye."

Pafupi ndi bedi panali mbale yovindikira imene Levison anabwera nayo m'mawa, ndipo munali mazira awiri owiritsa. Tikondwe anatambasula dzanja n'kutenga limodzi. Analisenda pang'onopang'ono, poti mphamvu zinali zisanabwerere, n'kulinyema pakati.

"Amayi, tidye."

A Magadalena analandira ndi manja awiri, mdzukulu ali pamiyendo. Anayang'ana chidutswacho, n'kuyang'ana pakhomo ngati kuti apongozi awo aja, amene anamwalira kalekale, angatulukire. Kenaka analuma. Anatafuna nthawi yaitali kuposa mmene dzira limafunira.

"Kodi n'chomwechi basi?"

"N'chomwecho, amayi."

"Ana anga awiri aja," anatero, koma sanamalize. Misozi inatsika n'kudontha pakamutu kadazi kaja, iwo n'kupukuta ndi chala. Atatero anamasula mfundo ya pansonga ya chitenje, n'kuchotsa kiyi uja, n'kuika m'dzanja la mpongozi wawo.

"Ameneyu akadzayamba kudya phala, muzidzamuswera dzira tsiku lililonse. Wina akadzafunsa, ngakhale agogo ake aamuna, mudzati ndalamula ndine."